Ya bokosi timaipeza, ya kansalu ayi

Lero sindikupatsani mawu ofewa oyambira tsiku monga ndimachitira. Ndabwera ndi mlandu, ndipo oimbidwa mlanduwo ndife tomwe. Wofuna kukwiya akwiye, koma awerenge mpaka pansi.

Munthu akamwalira m'komboni muno, ndalama imapezeka. Sindinaonepo mtembo ukugonera chifukwa anthu a ku Nangongwe akana kusonkha. Mbale imayenda, buku limalembedwa, uyu abwera ndi saka la makala, uyo kabichi, wina apereka galimoto yake ikatenge nkhuni, amayi agona pansi usiku wonse akuimba. Pofika tsiku lachitatu bokosi lilipo, basi yopita kumanda ilipo, nsima ilipo. Ndi khalidwe labwino ndipo ndimanyadira nalo. Koma amayi ochepa atayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha K5, K10, kuti tigule nsalu ndi lasitiki tisokere mamasiki nkhalamba, odwala ndi amene alibe pogwira, manja omwe aja ofulumira pa maliro auma gwa. Wina ati, "Boma iyanganepo." Wina ati, "Yembekezani chabe, ba kampeni bazabwela nayo ya mahala." Wina, wosabisa mawu, ati, "Izo ndalama muzadya imwe." Ndipo alipo amene amatseka chitseko ndi mawu akuti iwo Mulungu ndiye amawasunga.

Ndiye kuti agogo ali moyo sitingawapezere K10, koma agogo omwewo akagona m'bokosi tiwapezera mazana. Tandiuzani, ndi masamu a kusukulu iti amenewa?

Tili mu July wa 2021. Matendawa abweranso kachitatu, ndipo ulendo uno sabwera ngati mlendo wongopita. Mtundu umene madokotala akuutcha Delta umafala msanga kuposa uja wa chaka chatha. Mwezi wathawu tonse tamva za zipatala za ku Lusaka, UTH ndi Levy Mwanawasa, mabedi atadzaza, okosijeni akuchepa, mamochale osowa malo. Pakati pa June boma linatseka masukulu, linachepetsa mapemphero kukhala ola limodzi, linati pa maliro pasapitirire anthu 50. Ine ntchito yanga ina mukuidziwa: ansembe akakhala kwina, amene amaima pamutu pa manda ndi buku la mapemphero ndine. Sindifuna kuwerenga apa maliro amene ndaimapo chiyambire dzinja lino. Inunso munaliko, munali kuponya dothi.

Tikati osowa masiki, tikunena ndani? Pakuti ena mukuganiza za anyamata a pa siteshoni amene amaivala pachibwano ngati ndevu. Aja ali nayo, nkhani yawo ndi ina. Ine ndikunena agogo amene akusunga adzukulu anayi m'chipinda chimodzi, amene chakudya chawo ndi pamela ya madzulo. Ndikunena abambo amene anachotsedwa ntchito kufakitale kalekale, lero ali ndi shuga ndi BP, mwezi uliwonse ayenera kukaima pamzere kukatenga mankhwala. Ndikunena mayi wa pa ma ARV, wakhungu amene amatsogoleredwa ndi kamwana, mayi wogulitsa tomato amene tsiku lonse anthu akumupumira kumaso akunenerera mtengo. Amenewa ndiwo matendawa amawagwetsa msanga, ndipo ndiwonso sangathe kukhala m'nyumba, chifukwa kukhala m'nyumba ndiko kugona ndi njala.

Pageti la chipatala china ndinaona ndi maso anga chinthu chimene sichindichoka m'mutu. Palembedwa kuti wopanda masiki asalowe, ndipo lamulolo ndi loyenera. Gogo wina anafika alibe. Anaima pambali kudikira mnzake amene anali m'kati. Mnzakeyo atatuluka anavula yake, yonyowa ndi mpweya wa m'mawa wonse, namupatsa. Gogo anavala, nalowa. Mlonda anakhutira, lamulo linasungidwa. Amene munaphunzira, ganizani chimene chinachitika pamenepo. Gogoyo sanachite zimenezi chifukwa cha umbuli. Anali ndi njira ziwiri, kubwereka kapena kubwerera kunyumba opanda mankhwala a mwezi wonse.

Mukukumbukira mu August chaka chatha apolisi atalengeza kuti wopezeka wopanda masiki adzalipira K750? Nthawi imeneyo banja losauka lolandira Social Cash Transfer linkapatsidwa K90 pa mwezi. Gawani nokha. Chindapusa chimodzi chinali ndalama ya miyezi isanu ndi itatu, ndi kachenji pamwamba. Umu ndi mmene timachitira ndi wosauka m'dziko muno: lamulo limafika pakhomo pake mothamanga, thandizo limabwera pa kabaza wophwa tayala. Anzathu a ku Malawi anakafika nazo kukhoti. Mu April 2020 boma lawo litafuna kutseka dziko kwa masiku 21, Khoti Lalikulu linaimitsa, anthu atadandaula kuti mukutitsekera m'nyumba koma simunanene kuti tidya chiyani. Funso lake ndi lomwelo. Musanamukalipire munthu kuti bwanji sunavale, mufunseni ngati ali nayo.

Manje tiyeni kwa inu a "Boma iyanganepo." Simukunama. Boma lili ndi udindo, timalipira misonkho pa shuga, pa sopo, pa mafuta, ngakhale pa tokitaimu. Ndipo tili ndi chifukwa chokwiyira. Mu January chaka chino dziko lonse linamva, pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo, nkhani ya Honeybee, kuti magolovesi ndi makondomu olephera mayeso anali atagawidwa kale m'zipatala. Nduna ya zaumoyo, a Chitalu Chilufya, anachotsedwa mwezi womwewo. Katemera anayamba kuperekedwa pa 14 April, koma amene anafika koyamba anali 228,000, m'dziko la anthu pafupifupi 18 miliyoni. Funsani mafunso, lembani makalata, pa 12 August mukavote monga mtima wanu ukuuzirani. Koma boma kuti liyang'anepo pamatenga miyezi, pomwe kachirombo kakalowa m'chifuwa cha nkhalamba kamangofuna masabata awiri. Ife a Kafue tiyenera kudziwa zimenezi kuposa ena. Odwala oyamba m'Zambia analengezedwa pa 18 March 2020, ndipo mwezi usanathe, pa 15 April, tauni yathu ino inatsekedwa, wosalowa wosatuluka, azaumoyo akuyeza anthu. Dzina la Kafue linamveka pa wailesi iliyonse. Boma linayang'anapo ndithu tsiku limenelo. Kenaka magalimoto anabwerera ku Lusaka, makamera anapita, tinatsala tokha ndi pompi yathu imodzi ya mabanja khumi. Patha chaka ndi miyezi itatu. Amene watsala pafupi ndi gogo uja si nduna. Ndi inu amene mumagawana naye mpanda.

Koma amene andipweteka mtima kwambiri ndi aja akuti tidikire a kampeni. Apa ndikhalapo pang'ono.

Bungwe loyendetsa chisankho, ECZ, linaletsa misonkhano ikuluikulu ya ndale chifukwa cha matenda omwewa. Andale athu, ochenjera monga mwa nthawi zonse, anapeza khomo lakumbuyo. Msonkhano suloledwa, koma kugawa mamasiki ndani angaletse? Ndiye lero mtsogoleri akafuna kuonana ndi khamu sanena kuti ndikupita ku rale. Akuti ndikukagawa mamasiki, kapena ndikukayendera msika. A PF akuchita, a UPND akuchita, musandilembere m'munsimu kuti ndakondera, ndatchula onse awiri. Taonani zithunzi zake. Galimoto ili pakati, anthu mazana apanikizana, akukuwa, akuimba, thukuta ndi malovu zili m'mlengalenga, ndipo pamwamba pa galimoto munthu akuponya tinsalu ngati akudyetsa nkhuku. Chinthu chimene chinapangidwa kuti chiteteze anthu pakhamu chasanduka nyambo yoitanira khamu. Munthu apita kukatola masiki imodzi, abwerako ndi masiki ndi matenda omwe.

Nanga amatola ndani? Wamphamvu. Mnyamata wa zigongono zolimba abwerako ndi zisanu. Gogo wa ndodo sangayandikire n'komwe, angapondedwe. Wodwala amene ali gone m'nyumba sadziwa kuti kunabwera galimoto. Kagawidwe kameneka kamapatsa amene akanatha kugula yekha, n'kudumpha yemwe uja tikumufuna.

Ndipo ngakhale itamufika, yang'anani mtundu wake. Yobiriwira kapena yofiira, ina ili ndi nkhope ya munthu, ina chizindikiro cha chipani. M'nyengo ino, pamene makada akumenyana m'misika ndi m'masiteshoni chifukwa cha mtundu wa malaya, mukufuna mayi wamasiye avale chipani pakamwa pake n'kukakwera minibasi ya ku Lusaka? Akafika pa siteshoni ya gulu linalo atani, avule? Pakamwa pa munthu wosauka si khoma lomatapo mapositala. Aliyense wa ife ali ndi ufulu wosunga voti yake mumtima. Wolemera amagula masiki yoyera ku famasi, palibe amene adziwa kumene wapendekera. Wosauka yekha ndiye auzidwa kuti ukafuna kupuma bwino, lengeza. Ndipo pa 13 August, mavoti ataponyedwa, mudzandiuze ngati galimoto ija idzabwerenso. Kachirombo sikali pa pepala la voti, sikadzachoka ndi chisankho.

Ndisanamizire andale okha. Matenda a chithunzi alowanso m'mipingo ndi m'timagulu tathu. Anthu khumi ovala bwino, katoni imodzi, gogo mmodzi amuimika pakati atagwira kansalu m'manja, onse akumwetulira, foni zili m'mwamba. Madzulo pa Facebook, "tathandiza ovutika." Gogoyo anafunsidwa ngati akufuna kuti dziko lonse lidziwe kuti ndi wovutika? Ana ake ali ku Chilanga kapena ku Mazabuka aona mayi wawo akuonetsedwa ngati mbuzi ya pa msika. Ambuye wathu ananenapo za anthu oliza lipenga popereka, ndipo simufuna ine kuti ndikukumbutseni chimene anawatcha. Pa chopereka chathu chino tagwirizana kuti foni zikhale m'thumba.

Inu amene mukuti ndalama tidzadya, inu ndiye ndikukulemekezani kuposa onse, chifukwa mwanena zimene ambiri akungoganiza. Mwalumidwapo. Mwaona chilimba chikutha ndi msungichuma atasamuka usiku. Mwaona makomiti a zitsime zimene sizinakumbidwe. Ngakhale ndalama za matenda omwewa zadyedwa m'maiko ambiri. Ku Malawi nkhani ya K6.2 biliyoni ya kumeneko inagwedeza dziko chaka chino, anthu anachotsedwa ntchito, ena anamangidwa. Ndiye kukayika si tchimo. Koma mankhwala a kukayika ndi kuwerengera, osati kukana.

Nkhani imeneyi si yatsopano. Mtumwi Paulo anayendetsapo chopereka chachikulu, kusonkhetsa mipingo ya ku Makedoniya, ku Galatiya ndi ku Korinto kuti athandize osauka a ku Yerusalemu. Mukawerenge nokha chaputala chomaliza cha kalata yoyamba kwa Akorinto, ndi machaputala 8 ndi 9 a kalata yachiwiri. Chimene chimandikondweretsa n'chakuti munthu wamkulu ngati uja sanati ndikhulupirireni ine, ndine mtumwi. Anati aliyense aziika padera kangachepe tsiku loyamba la sabata monga mwa kupeza kwake, ndipo ndalamazo zinyamulidwe ndi anthu amene mipingo yasankha yokha, kuti pasapezeke womunena. Ngati Paulo anafuna mboni pa thumba, ife ndife yani? Choncho buku lathu lili poyera. Ndalama iwerengedwa ndi anthu atatu a m'nyumba zosiyana ndi mipingo yosiyana, wosunga buku si wosunga ndalama, ndipo ine sindigwira ngakhale ngwee. Zolowa ndi zotuluka zilembedwa papepala lalikulu, aliyense awerenge. Inu amene mukukayika kwambiri, bwerani mukhale mmodzi wa owerengera. Tikufuna munthu wa diso lanu. Koma musakhale pakhonde n'kumati adzadya, pamene simunaikepo kanthu koti kadyedwe.

Za aja akuti Mulungu ndiye amawasunga sinditaya nthawi. Usiku mumakhoma chitseko. Mwana mumamugoneka m'neti. Pa mlatho wa Kafue simuyenda pakati pa msewu malole akubwera. Amene anauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, poti angelo amugwira, tonse tikumudziwa dzina. Basi.

Pali china chimene ambiri sitinachimvetse, ndipo chikamveka mkangano wonsewu utha. Timaganiza kuti kugulira mnzathu masiki ndi chifundo, ngati kumupatsa malaya akale. Ayi. Kachiromboka kamatuluka ndi timadontho ta mpweya pamene munthu akulankhula, kuimba, kutsokomola, ngakhale kupuma chabe, ndipo munthu amatha kupatsira ena masiku angapo iye asanamve kalikonse m'thupi. Nsalu imagwira bwino ntchito pamene ili pakamwa potulukira, timadontho tisanabalalike. Ndiye inu a bwana amene mwavala yanu yodula, mwakhala m'minibasi makilomita oposa 40 kupita ku Lusaka, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira, anthu anayi pampando, chitetezo chanu chachikulu chili pankhope za anzanu aja. Mayi amene amakuchapirani zovala, amene amakugulitsani repu, amene mwana wake amasewera ndi wanu, mpweya wake ndi wanu ndi umodzi. Akale anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Apa ndevu zake ndi zanu zalukana, moto ndi umodzi. Ngati simungapereke chifukwa chokonda mnansi, perekani chifukwa chodzikonda nokha, tilandira ndithu.

Chimene chimandiwawa china n'chakuti zimenezi zikuchitika ku Kafue. M'nthawi ya a Kaunda, amene tawaika m'manda masiku apitawa, tauni ino inamangidwa kuti ikhale ya mafakitale. Nitrogen Chemicals inkapanga feteleza wa dziko, Kafue Textiles inkaluka nsalu. Amayi a m'Zambia yense ankamanga m'chiuno chitenge cha kuno. Fakitale ya nsalu ija inagwa, salaula inalowa, koma manja sanafe. M'komboni muno muli anthu amene moyo wawo wonse wakhala pa ulusi ndi nsalu. Muli matelala pa msika amene ntchito yawatha chifukwa maukwati ndi makitchen party aima, masukulu atsekedwa, palibe wosoketsa yunifomu. Muli makina a Singer ofundikidwa nsalu kuseri kwa chitseko. Tauni imene inkaveka dziko lonse ikulephera kuphimba mphuno za nkhalamba zake, ikudikira katoni yochokera ku China kapena galimoto ya kampeni? Ayi mwandi.

Ku Czech Republic, mu March 2020, boma linalamula kuti aliyense aphimbe pakamwa ndi mphuno pamene m'masitolo munalibe mamasiki. Anthu sanadikire. Anatulutsa makina akale, anasoka m'nyumba usiku ndi usana, ena n'kumapachika pamitengo ndi pamipanda kuti wosowa adzitengere. M'masiku ochepa dziko lonse linali litavala. Sanachite ndi chuma, anachita ndi singano. Singano tili nazo.

Ndipo ndalama yathu tikaipereka kwa telala wa pano, imagwira ntchito kawiri. Gogo apeza masiki, telala apeza ya unga. N'chifukwa chake ndikukana maganizo akuti amayi asoke ulele. Nthawi zonse ntchito ya chifundo timaisenzetsa amayi, a Mothers' Union ndi anzawo a mipingo ina, ngati iwo sadya. Wofuna kupereka ntchito yake mwaufulu apereke, Mulungu amudalitse. Koma mayi amene makina ndiwo munda wake alipidwe.

Masamu ake ndi awa, kuti musaganize kuti tikupempha ndalama ya nyumba. Chitenge chimodzi cha mamita awiri, mukachidula tizidutswa ta masentimita 20 kwa 18, chimatulutsa tizidutswa pafupifupi 60. Masiki yabwino imafuna nsalu zitatu zosanjikiza, ndiye chitenge chimodzi ndi mamasiki pafupifupi 20. A World Health Organization, mu malangizo awo a June 2020, anati ya m'kati ikhale ya thonje yomwa chinyezi, ya pakati yosefa, ya kunja yosalowa madzi msanga monga poliyesita. Amene muli ndi malaya akale a thonje ndi nsalu za poliyesita, ndi chuma chimenecho. Njira yoyesera ndi yapafupi: yang'anitsani nsalu kudzuwa, ngati mukuona kuwala kukudutsa m'timabowo, ndi yopyapyala. Tija ta nsalu imodzi yotanuka togulitsa m'mbali mwa msewu timangokhutiritsa mlonda wa pageti. Tija tokhala ndi kabatani kotulutsira mpweya tisiyeni, timatulutsa mpweya wanu wosasefa kupita kwa mnzanu.

Imodzi sikwana. Munthu afunika ziwiri kapena zitatu, ina ili kumaso ina ili pachingwe. Ichapidwe tsiku lililonse ndi sopo ndi madzi otentha, kapena iwiritsidwe kwa mphindi imodzi, iume padzuwa. Ndiye m'kaphukusi kalikonse tikuikamo ndi kachidutswa ka sopo, pakuti kupatsa munthu nsalu yoti azichapa tsiku ndi tsiku pamene sopo wa m'nyumba ndi wowerengera, ndi kumupatsa ngongole. Ndipo pali mfundo imene ambiri saidziwa. Malangizo omwewo akuti anthu a zaka 60 kupita m'mwamba, ndi amene ali ndi matenda ena monga shuga, mtima kapena chifuwa chokhalitsa, akakhala pamalo opanikizana avale ija ya kuchipatala, osati ya nsalu. Ndiye kuti amene ali pangozi yaikulu ndiwo afunika yodula, yotaya ikatha ntchito. Choncho gawo lina la ndalama likupita ku mabokosi a mamasiki a kuchipatala, kuti gogo akhale nayo ya tsiku lopita kukatenga mankhwala ndi ya tsiku lokwera basi. Inu amene mumagwira ntchito ku Lusaka ndipo mumagula bokosi lathunthu la m'nyumba mwanu, gulani awiri.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake pa maliro timafulumira, apa timazengereza. Ndikuganiza kuti ndachipeza, ndipo sichokoma. Buku la maliro limawerengedwa. Dzina lako limamveka, anthu adziwa kuti a uje anapereka zakuti. Ndiponso buku lija ndi banki: ukapanda kulembedwamo, tsiku lako likadzafika anthu adzatsegula masamba n'kupeza kuti mulibe. Timapereka pa maliro chifukwa cha chikondi, inde, komanso chifukwa cha mantha ndi manyazi. Masiki ilibe zimenezi. Ukagulira gogo masiki ndipo gogoyo osadwala, palibe chimene chichitika. Palibe nyimbo, palibe wolengeza, palibe amene adzadziwa kuti panali maliro amene sanachitike. Gogo angopitiriza kusesa pakhomo pake. Mtima wathu wazolowera kulipira zooneka.

Ndiponso timabisa. Munthu akamwalira ndi matendawa achibale amati inali BP chabe, inali shuga, chinali chibayo cha kuzizira. Tikabisa chotere, komboni imaganiza kuti matenda ali ku Kabulonga, kwa okwera ndege. Akuluakulu mukukumbukira zaka zija AIDS inkatchedwa kudwala kwa nthawi yaitali. Mu 1987 a Kaunda anaima pamaso pa dziko lonse lapansi n'kunena kuti mwana wawo anamwalira ndi AIDS. Anali mtsogoleri wa dziko, akanatha kubisa, palibe akanawafunsa. Tawalira masiku 21, mbendera zili pakati. Kulimba mtima kuja kokha tikanatengako, bwenzi mabanja akunena poyera chimene chawatengera munthu, ndipo amayi oyenda ndi buku la mamasiki sakanafunika kufotokoza zambiri pakhomo.

Abambo, ndikubwera kwa inu, musabisale kuseri kwa nyuzi. Pa mayina amene alembedwa mpaka lero, ambiri ndi amayi, ndipo ambiri mwa iwo ndi aja a pa msika amene phindu lawo la tsiku ndi lochepa kuposa mtengo wa mabotolo awiri a Mosi. Mayi wogulitsa makala m'timapulasitiki wapereka. Inu a malipiro a pamwezi mwati mubwere pa mapeto a mwezi, mapeto a mwezi afika mwati zinthu zavuta. Zavuta zoona, kwacha yagwa, unga wakwera, sindikutsutsa. Koma ya kubetcha mpira ikupezeka. Achinyamata, nkhani ino mukuiwerenga pa bandulo imene mwagula. Sindikuti musagule. Ndikuti ya tsiku limodzi pa sabata ipite m'buku. Ndipo inu ana a Nangongwe amene muli ku Lusaka, ku Copperbelt, ku Johannesburg, ku UK, amene mumatumiza mwamsanga mukamva kuti kwagwa maliro, mayi anu akali moyo. Mobile money imagwiranso ntchito munthu asanafe.

Mndandanda wa olandira sitikuulemba pa mpingo. Gogo wa Katolika, wa UCZ, wa Seventh Day, wa Chisilamu, ngakhale amene sanapondepo m'tchalitchi chibadwire, onse apuma mpweya womwewo. Sitikufunsa khadi la chipani kapena la voti. Msewu uliwonse usankhe anthu awiri amene akudziwa nyumba zonse, atiuze mwakachetechete kuti pakhomo pakuti pali wakuti. Oyamba ndi amene sangathe kudzuka, owasamalira awo, ndi nkhalamba zosunga ana amasiye. Sitiitana anthu pamalo amodzi. Awiriawiri adzapita pakhomo, atavala, adzaima panja, adzaonetsa kavalidwe kake, kuti iphimbe mphuno ndi chibwano, kuti pochotsa agwire zingwe osati kutsogolo, n'kuchoka osalowa m'nyumba ngakhale atakakamizidwa tiyi.

Loweruka lino amayi ayambanso kuyenda ndi buku kuyambira 8 koloko m'mawa. Agalu amangidwe. Amene mulibe ndalama koma muli ndi chitenge chimene simuvala, lasitiki, ulusi kapena sopo, zonsezo zilembedwa monga ndalama. Chitenge cha chipani ayi, ngakhale chatsopano, tidzakubwezerani. Makina awiri aima chifukwa chosowa singano ndi lamba, amene mumadziwa kukonza mundiuze m'munsimu. Owerengera ndalama asowa mmodzi, ndipo malowo ndasungira bambo uja anati tidzadya.

Ambuye akhale nanu.